Nambala ya kwa Timiro

Timiro anabadwira ku Shibis mu Mogadishu, m'nyumba ya telala, ndipo chimene anatengera kwa bambo ake ndi khutu. Mkuluyo ankadziwa kuti singano yabuntha pongomva kulira kwa makina ali kuseri kwa chipupa. Mwana wake ankazindikira munthu pongomva kutsokomola. Atakula analembedwa ntchito ku positi yaikulu, m'chipinda cholumikizira mafoni, momwe atsikana khumi ndi awiri ankakhala pamzere, kusomeka ndi kuzula zingwe tsiku lonse. Lamulo linali lakuti ukalumikiza anthu uchoke pa waya, koma panalibe mtsikana amene ankalitsata. Timiro ankadziwa wamalonda amene watsala pang'ono kugwa, ankadziwanso bwana amene ali ndi mkazi wobisa ku Marka. Pakamwa pake pokha panali potseka, ndipo n'chifukwa chake anakhalitsa pantchitoyo zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Anakwatiwa ndi Gedi, makaniko wa malole, chimunthu cha mapewa ngati chitseko koma chosakonda zolankhula. Anabereka ana awiri, Shire wamwamuna ndi Ruun wamkazi.

Boma litagwa mu 1991, Timiro anaimirira tsidya la msewu n'kumaonerera anthu akukoka zingwe za positi ndi abulu. Chaka chomwecho Shire anawomberedwa pakhosi akuchokera kotunga madzi, chifukwa cha wotchi ya pamkono imene inali itasiya kale kuyenda. Mayi ake anamupeza atagona chammbali, chigubu chikuthirabe madzi pamchenga. Patangopita miyezi itatu bomba linagwa pagalaja, n'kuphulitsa Gedi makutu onse awiri. Timiro anakweza Ruun m'bwato pamodzi ndi anansi, ndipo mtsikanayo atazunzika zaka zinayi mumsasa wa othawa nkhondo anakafika ku Leicester, ku Mangalande, komwe anakwatiwa.

Awiriwo anatsala m'nyumba yawo. Gedi ankakonza malole panja pa mpanda, Timiro ankagulitsa tiyi ndi samusa pachipata. Ankalankhulana ndi manja, ndipo akakwiya Timiro ankalemba mawu ake pafumbi la pagalimoto. Makampani atsopano atayamba kuyala mawaya m'tauni, iye anali m'gulu la oyamba kuika foni m'nyumba. Kuimbira munthu wa m'tauni momwemo kunali kwaulere, ungalankhule mpaka lilime kuuma. Kuimba kunja ndiko kunali kowawa, moti mwana wake ankamumva Lachisanu lokha, mothamanga ngati akuba.

Mu 2004 Ruun anatumiza kabokosi kakuda, kochepa ngati njerwa, kudzera mwa wamalonda wina wochokera ku Dubai. Anafotokoza kuti anzake a ku Leicester, ku Oslo ndi ku Minneapolis apanga chipereganyu cha mafoni. Aliyense ankapereka foni ya m'nyumba mwake kuti anzake azidutsirapo. Munthu wa ku Oslo akafuna m'bale wake wa ku Mogadishu, mawu ake ankayenda pa intaneti mpaka m'kabokosi ka kwa Timiro, kabokosiko n'kuimba nambala yofunikayo ngati woimbayo wakhala pampando m'nyumbamo. Nayenso Timiro akafuna munthu aliyense wa ku Mangalande, ankatulukira pa foni ya m'nyumba mwa Ruun. Timiro sanafune womuthandiza. Anaitanitsa waya wa intaneti, nakhala pansi ndi mpeni wosendera anyezi, n'kulumikiza yekha.

Nkhani inamveka Shibis yense. M'mawa uliwonse, anthu akatha kudya anjero, zitumbuwa zopyapyala za kumeneko, amayi ankadzaza pabwalo la Timiro kudikira kuti aimbire ana awo. Ankamwa tiyi wake, ankanenana, wina akachedwa pafoni anzake ankamukuwiza kuti asiyeko mawu ena a mawa. Gedi ankayang'ana tinyali ta kabokosi tikuphethira n'kupukusa mutu. Tsiku lina analankhula mokweza monga amachitira agonthi, amayi onse akumva: "Nyumba yakhala msewu iyi. Anthu akudutsa m'chipinda mwanga, ine osawaona."

"Mukanawaona mukanawalipiritsa, agonthi inu," anatero Timiro, ndipo amayiwo anaseka mpaka kutaya tiyi.

Koma panali chinthu chimodzi chimene Timiro sanauze munthu. Kukhitchini, kuseri kwa thumba la mpunga, analumikizako foni ina yakale. Masana pabwalo pakakhala zii, tinyali tikayamba kuphethira, ankanyamula foniyo mwakachetechete n'kumamvera akusenda mbatata. Chizolowezi cha ku positi chinali chisanamuchoke. Ankamva amayi akulirira ana, amuna akulonjeza zinthu zimene sadzachita, atsikana akukana zibwenzi za kutali.

Lolemba lina m'mwezi wa Malichi 2005, dzuwa likuswa mtengo, anamva mwamuna wa mawu okhuthala akuimbira Jimale. Jimale ankadziwika ndi aliyense, chifukwa chitsime chachikulu cha ku Yaqshid chinali chake, ndipo ngolo za abulu zogulitsa madzi mbali yonse ya kumpoto zinkatunga kwa iye. Woimbayo anamutchula dzina lachilendo. Anati, "Makala, ndine. Ndafika dzulo, ndili m'tauni muno, sukuona nambala?" Jimale anakuwa ndi chimwemwe. Winayo anamuuza kuti asauze munthu, abwere yekha kuseri kwa fakitale yakale ya ndudu ikatha swala, pemphero la masana, akambirane za chitsime cha agogo awo ngati abale, zokangana zithe.

Timiro ankadziwa kuti munthuyo sali m'tauni. Mawu odzera m'kabokosi ankabwera ndi kamphepo kawokawo, komanso ankachedwa pang'ono. Koma bodza limenelo anali atalimva kangapo. Amuna a kunja ankakonda kunamiza akazi awo kuti afika, pofuna kuona ngati angadzidzimuke. Anaseka yekha, naika foni pansi, n'kupitiriza kusenda mbatata.

Madzulo ake ogula tiyi anabwera ndi nkhani yakuti Jimale waphedwa kuseri kwa fakitale ya ndudu. Anthu atatu anamudikirira m'galimoto, anamuwombera zipolopolo khumi ndi chimodzi, n'kumuponda mutu ndi tayala pochoka. Timiro anathira tiyi pambali pa kapu. Anafuna kuuza Gedi, koma nkhani yotere sinkalembeka pafumbi. Anaganiza zozula kabokosiko, kenako anadziuza kuti nambala m'tauni muno ndi zambirimbiri, ndani angafufuze imodzi.

Amene anafufuza ndi Diriye, mng'ono wake wa Jimale, amene ankasunga mpiringidzo wa pamsewu wa kumsika wa ziweto ndi amuna makumi atatu a mfuti. Nambala anaipeza m'foni ya m'manja ya malemuyo. M'mawa mwake analowa mu ofesi ya kampani ya mafoni, naika mfuti patebulo, ndipo kalaliki anamulembera dzina ndi malo mosachita kufunsidwa kawiri.

Anafika ku Shibis cha m'ma teni koloko, pagalimoto yodula denga yokhala ndi chimfuti kumbuyo. Gedi anali kunsi kwa lole, miyendo yokha ikuoneka. Anamukuwira katatu kuti atuluke. Atangokhala chete anamukoka miyendo, ndipo iye anadzuka mwaukali, sipanala ili m'manja, akuganiza kuti ndi mwini lole amene wayamba chipongwe. Mmodzi mwa amunawo, wamtali wa tsaya lotupa ndi masamba oledzeretsa a khati amene ankatafuna, anamuwombera m'mimba. Gedi anakhala pansi ngati munthu wotopa, nayang'ana malaya ake. Chipolopolo chachiwiri chinalowa pansi pa diso.

Amayi a pabwalo anabalalika, ena kulumpha mpanda, ena kulowa m'chimbudzi. Timiro anathamangira kuchipata, nagwada, nagwira mutu wa mwamuna wake, koma sanamupatse nthawi. Anamukoka ndi mpango wa kumutu mpaka pakhomo la nyumba. Diriye anagwada patsogolo pake. Anali munthu wamng'ono thupi, wa maso ofiira chifukwa chosagona, ndipo analankhula mwaulemu.

"Azakhali, dzulo masana munalowa mwamuna muno kudzaimba foni. Ndani?"

Timiro anayankha kuti simunalowe mwamuna aliyense. Zinali zoona, ndipo n'zimene zinamupweteketsa. Anamugwira dzanja lamanja, naliyala pamwala wa pakhomo, ndipo wamtali uja anatsitsa thako la mfuti pa chala chaching'ono. Diriye anafunsanso. Timiro analoza kabokosi ndi dzanja linalo, nayesa kufotokoza kuti mawu amachokera kunja n'kungodutsa m'nyumbamo. Amunawo anaseka. Wina anati nkhalambayi ikutiyesa abusa a ngamila, foni ilibe miyendo. Anaphwanya chala chachiwiri, kenako chachitatu. Wina anawombera kabokosi, tizidutswa take n'kumwazika mpaka mumphika wa mafuta a samusa. Atatopa anamuponya m'galimoto ngati thumba la makala. Podutsa pachipata tayala linaphonya mwendo wa Gedi pang'ono pokha.

Ku Yaqshid maliro anali akadali pakati. Jimale anali ataikidwa dzulo lake dzuwa lisanalowe, koma abale anali atadzaza pabwalo, amuna pamikeka pansi pa chinsalu, akazi kumbali ya khitchini. Amuna a Diriye anamangirira Timiro kumtengo wa pakati pa bwalo, padzuwa. Mkazi wa malemuyo, Hareedo, anatuluka ndi ketulo, nayang'ana Timiro m'maso, n'kumukhuthulira tiyi wowira paphewa. Palibe anamuletsa. Diriye anauza anthu kuti mayiyu akubisa wakupha, ndipo akhala pamenepo mpaka atchule dzina, zikavuta adzamudula chiwalo chimodzi pa swala iliyonse.

Timiro anaima pamenepo maola awiri. Dzanja linali litatupa ngati papaya, khungu la paphewa likusupuka, magazi a Gedi atauma padiresi mpaka kulimba. Dzina la woimbayo sankalidziwa. Koma ankadziwa kuti ndi wa m'banja lomwelo, ndipo ankadziwa kuti mawu amene anali nawo m'kamwa akawatulutsa pagulu, pabwalopo sipakhalanso maliro a munthu mmodzi. Akanatha kupempha Diriye kuti amunong'oneze pambali. Analingalira zimenezo ndithu. Kenako anaona wamtali uja atakhala pamkeka, akudya mpunga ndi nthochi ndi dzanja lomwe lija, ndipo mtima wake unauma gwa.

Anaitana Diriye ndi mawu a ku positi, omveka bwino ngakhale pa waya woipa. Anati iye ndi mayi woipa, amamvera mafoni a anthu, ndipo dzulo anamva zonse. Anabwereza mawuwo mmene anawamvera, ndi kukhuthala kwake, ndi kakutsokomola kapakati.

"Makala, ndine. Ndafika dzulo, ndili m'tauni muno. Ubwere wekha, tikambirane za chitsime cha agogo athu."

Dzina lakuti Makala linali la paubwana. Jimale anagwera m'thumba la makala akukwawa, ndipo ankamutchula choncho ndi ana okhawo amene anakulira naye pakhomo limodzi. Mwa anawo, wokhala kunja anali mmodzi yekha, Mumin, mwana wa bambo awo aang'ono, amene anali ku Oslo ndipo kwa zaka zisanu ankanena kuti theka la chitsimecho ndi la nyumba yawo. Azichimwene ake awiri a Mumin anali pomwepo pamkeka, makapu a tiyi ali m'manja, atalira nawo maliro kuyambira dzulo.

Diriye anangotembenuka n'kuwayang'ana. Wamkulu anayamba kulumbira pa dzina la Mulungu kuti sakudziwa chilichonse. Wamng'ono anaika kapu pansi, naimirira, n'kuyamba kuyenda cha kuchipata, osathamanga. Akanakhala pansi mwina akulu akanaloŵererapo, paja khoswe wa pamkhate sapheka. Koma atafika pachipata anathamanga, ndipo Diriye anamuwombera pamsana.

Anthu a nyumba ya Mumin nawonso anali ndi mfuti zawo m'galimoto panja. Zimene zinatsatira Timiro anaziona ali chimangidwire. Chinsalu chinagwera amuna amene anali pansi pake, ndipo ankawomberana osaonana. Mkulu wina wa ndevu zofiira anaimirira atakweza buku la mapemphero kuti aleke, chipolopolo n'kumuchotsa nsagwada. Mphika wa mpunga unagubuduka, mwana wina wamkazi n'kupsa miyendo. Wamtali uja anagwa pafupi ndi mtengo, atagwira khosi, ndipo anafa pang'onopang'ono akukanda mchenga pafupi ndi mapazi a Timiro. Iye anamuyang'ana mpaka anasiya kugwedezeka. Ankayembekeza kuti amva kukoma, koma anangomva ludzu. Makungwa a mtengo ankathothoka pamwamba pa mutu wake.

Amene anamumasula ndi Hareedo. Anakwawa kuchokera kukhitchini ndi mpeni wodulira nyama, nadula chingwe, osamuyang'ana kumaso. "Pitani, azakhali. Dzerani kuseri kwa khola. Ndisadzakuoneninso."

Timiro anayenda wapansi kuchoka ku Yaqshid mpaka ku Shibis, dzanja atalikulunga mumpango, mutu uli pamtunda, ndipo pamipiringidzo yonse itatu palibe anamuimitsa. Anapeza anansi atasambitsa kale Gedi. Anapempha kuti aone nkhope, koma amuna anakana, ndipo mkulu wa pamzikiti anamuuza mofatsa kuti akumbukire nkhope imene ankaidziwa. Anamunyamula dzuwa likupendeka. Lole ija inakhala panja pa mpanda mwezi wathunthu, mwini wake akuopa kudzaitenga.

Nkhondo ya pachibale ya ku Yaqshid inatha miyezi iwiri. Anafa anthu khumi ndi asanu ndi anayi, ena mwa iwo ogulitsa madzi amene analakwa kungodutsa ndi abulu awo. Diriye anaphedwa pa mpiringidzo wake womwe, ndi munthu amene anabwera ngati wogulitsa mbuzi. Pomaliza wina anaponya mabomba awiri m'chitsime, makina opopera n'kugwera pansi, ndipo mbali yonse ya kumpoto inamwa madzi a mchere mpaka mvula. Mumin sanakhudzidwe ndi kanthu. Amene anapitako ku Oslo amati ankayendetsa basi, ndipo Lachisanu ankakhala pamzere woyamba mumzikiti.

Dokotala wa kuchipatala cha Keysaney anadula zala ziwiri, chachitatu chinapola chokhota. Ruun ataimba ankalira mosatonthozeka, akuti ndi iye wapha bambo ake ndi kabokosi kake. Timiro anamusiya alire, kenako anamuuza zimene sanauze anansi: kuti anamva bodzalo ndi makutu ake, anali ndi nambala ya Jimale m'mutu, anali ndi ola lathunthu loti amuchenjeze, ndipo anaseka n'kupitiriza kusenda mbatata. Anamuuzanso kuti pabwalo paja akanatha kunong'ona. Kenako Ruun anapempha mayi ake kuti apite ku Nairobi, iye ayambe kuyendetsa mapepala owatengera ku Mangalande. Timiro anakana. Anati mwamuna wake ndi mwana wake ali m'dothi la m'tauni muno, ndipo ku Mangalande alibeko manda oti azikawaona. Chipereganyu cha mafoni chinatha chaka chomwecho. Nkhani itamveka, aliyense anazula kabokosi kake, poopa kuti mawa nambala yotuluka pa foni ya wakufa idzakhala yake.

Mu 2007 mabomba atayamba kugwa ngati matalala, Shibis anasamuka yense. Timiro anakwera ngolo ya bulu ndi matiresi ndi ketulo, n'kutsata khamu la pamsewu wa ku Afgoye, komwe anthu anamanga tizisakasa ta nsanza ndi timitengo mpaka kosaoneka ndi maso. Kumeneko anthu ankafa tsiku lililonse, ena ndi mabala amene anabwera nawo, ena ndi matenda a m'mimba, ndipo osambitsa maliro a akazi anali ochepa. Tsiku lina anabweretsa mtsikana amene bomba linamupeza ali pamzere wa ufa. Thupi lake linali loti amayi atatu analowa m'chisakasa n'kutuluka akusanza. Timiro analowa, napempha madzi, singano ndi ulusi woyera. Anakhalamo maola awiri. Atatuluka anaitana mayi wa mtsikanayo kuti tsopano akhoza kulowa kudzamuona mwana wake.

Kuyambira tsikulo ntchito yake inali imeneyo. Ankamuitana kuchokera m'misasa yakutali, ndipo ankapita wapansi, kabeseni kali pamutu. Sankalandira kanthu kupatula sopo. Ankafunsa dzina la wakufayo, osafunsa mtundu wake, ndipo posambitsa ankamulankhula motsitsa, kumuuza kuti tsopano tikutembenuza, tsopano madzi akubwera, ozizira pang'ono. Anaphunzitsa amayi anayi, ndipo ankawakalipira koopsa akagwira wakufa mwankhanza kapena akayamba miseche ali m'kati.

Anadwala m'nyengo ya mvula ya 2010, matenda a m'mimba omwewo, ndipo anatha masiku atatu okha. Amayi anayi aja anakangana pakhomo la chisakasa, aliyense akukankhira mnzake kuti ayambe ndiye, chifukwa onse ankaopa kulakwitsa. Pomaliza analowa onse pamodzi. Sopo anali atatha mumsasa monse sabata imeneyo, ndipo anamusambitsa ndi madzi a masamba a mtengo wa masawu.